Kwa a Senate a mayunivesite a boma ndi a NCHE: wophunzira aziona pepala lake la mayeso

Olemekezeka ma Vice-Chancellor ndi mamembala a Senate a UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST, pamodzi ndi akuluakulu a bungwe la National Council for Higher Education (NCHE),

Landirani moni wanga waulemu. Ndine mphunzitsi wa sekondale, ndipo ena mwa ana amene muli nawo m'makoleji mwanumo anadutsa m'manja mwanga ali Folomu 3 ndi Folomu 4. Akamabwera kutchuthi amandipeza, ndipo nkhani imene imatenga nthawi yaitali tikakhala pansi si ya chakudya kapena ya malo ogona, ngakhale izinso zikuwasautsa. Ndi nkhani ya magiredi. Pempho langa kwa inu ndi limodzi: giredi iliyonse imene mwapereka kwa wophunzira wa digiri yoyamba ikhale yoti mwini wake atha kuona mmene yabwerera, kuyambira pa asainimenti yoyamba mpaka pa pepala la mayeso otsekera semesita. Ndipo iye akaona kuti penapake palakwika, pakhale munthu wina woti aunikenso ntchitoyo, osati yemwe anachonga poyamba uja.

Dongosolo limene munalemba m'mabuku a malamulo ndi labwino, sindikutsutsa ayi. Giredi ya kosi imachokera mbali ziwiri: ntchito ya m'kati mwa semesita, imene ana amangoti CA, ndi mayeso otsiriza. Mafunso a mayeso amayenera kuunikidwa ndi aphunzitsi ena asanafike kwa ana. Malikisi akatuluka amadutsa kudipatimenti, kenako kukomiti ya sukulu kapena fakaliti, n'kufika ku Senate, bungwe lalikulu loona za maphunziro pa yunivesite, ndipo palinso ma external examiner ochokera kumayunivesite ena amene amabwera kudzaona ngati muyezo wanu ukufanana ndi wa anzanu. Makwerero onsewa alipo. Koma taonani kuti pamakwerero onsewa palibe pamene paima mwini giredi. Aliyense waona nambala ija kupatula iye, ndipo pamene akuiona pa portal ndiye kuti nkhani inatha kale.

Ndiyambe ndi CA, chifukwa apa ndi pamene zinthu zimayambira kupotoka mwakachetechete. Tiyerekeze kosi imene CA yake ndi malikisi 40, mayeso otsiriza 60, ndipo pokhozera ndi pa 50. Mwana amene ali ndi 28 pa CA akufunika 22 yokha pamayeso. Mnzake amene ali ndi 18 akufunika 32, kutanthauza kuti ayenera kupitirira theka la pepala lonse. Ana awiriwa sayenera kuwerenga mofanana sabata yomaliza ija. Wachiwiriyu ayenera kudziwa kuti kosi imeneyi ndiyo yofunika kuigonera kulaibulale, ayenera kupita kwa mphunzitsi kukafunsa pamene sanamvetse. Nanga adziwa bwanji ngati asainimenti imene anapereka sabata yachinayi sinabwerebe mpaka tsiku lolowa m'holo? Ana ambiri andiuzapo kuti m'makosi ena amalemba mayeso otsiriza asakudziwa CA yawo. Ena amapatsidwa nambala yokha, pepala osaliona. Ena pepala limabwera ndithu, koma pali chizindikiro chofiira chimodzi pamwamba, 11 pa 20, popanda ndi liwu limodzi lomwe lonena kuti malikisi 9 aja agwera pati.

Ntchito ya m'kati mwa semesita inaikidwa kuti mwana aphunzirepo, akonze zolakwa nthawi ikadalipo. Ikabwera mayeso atadutsa, kapena ikapanda kubwera n'komwe, yasanduka mayeso achiwiri obisika. Ife akusekondale tikachedwa kubweza mapepala a mayeso a pakati pa teremu, ahedi amatiitana ku ofesi, ndipo amakhala akulondola. Sindikuona chifukwa chimene lamulo lomweli lingalephere kugwira ntchito kuyunivesite. Lembani m'malamulo anu kuti ntchito iliyonse yowerengeredwa pa CA ibwezedwe pasanathe masabata amene mungagwirizane, ndipo CA yonse ya wophunzira aliyense ikhale itaikidwa pa portal sabata ya mayeso isanayambe. Mkulu wa dipatimenti asainire kuti zachitika.

Palinso ntchito ya pagulu. Ndikudziwa chifukwa chake aphunzitsi amaikonda: kalasi ya anthu mazana ikagawidwa m'magulu a anthu khumi, mapepala ochonga amachepa. Koma m'gulu la anthu khumi, olemba amakhala awiri kapena atatu, ena amangosonkha ndalama yosindikizira n'kulembetsa dzina pachikuto. Onse amalandira giredi imodzi. Wolimbikira amanyamula anzake, waulesi amakwera pamsana, ndipo nambala imene yalowa mu CA sinena zoona za aliyense mwa iwo. Ntchito ya pagulu ili ndi phindu lake, makamaka kwa a uinjiniya ndi a zaulimi amene kuntchito adzagwira m'magulu, koma isamatenge gawo lalikulu la CA popanda njira yoonera zimene aliyense wachita payekha.

Tsopano ndifike pamtima pa kalatayi, pa pepala la mayeso otsiriza.

Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa, wakhama kwambiri, ali pa koleji ina imene sinditchula dzina, anapeza pa portal kuti walephera kosi imene ankaikhulupirira kuposa zonse. Anapita kwa mphunzitsi wake, anauzidwa kuti zotsatira zinadutsa kale ku Senate, apite ku ofesi ya kaundula. Ku ofesi ya kaundula anati iwo amangolandira manambala, apite kudipatimenti. Kudipatimenti anati mkulu wake ali kumsonkhano, abwere mawa. Anayendayenda chonchi masiku a sapu, mayeso obwereza a amene alephera kosi, akuyandikira, ndipo pomaliza analemba sapu ija osadziwa chimene analakwa pa mayeso oyamba. Anakhoza. Koma mpaka lero sadziwa ngati analepheradi, kapena ngati kabuku kake kachiwiri ka mayankho kanathothoka pamene kanamangidwa, kapena ngati wophatikiza malikisi anadumpha funso limodzi. Pamene ankandifotokozera anali atagwira foni m'manja, akundionetsa mzere umodzi uja wa pa portal, nambala ya kosi ndi giredi, ngati kuti tikauyang'anitsitsa awirife utiuza zambiri.

Mwina analepheradi. Ana amalephera, ndipo yunivesite imene aliyense amakhoza si yunivesite. Sindikupempha kuti muchepetse muyezo kapena kuti muzipereka malikisi achifundo. Ndikunena kuti munthu wochonga mapepala mazana usiku, magetsi atazima, akhoza kulakwitsa kuphatikiza. Ine ndimachonga, ndikudziwa mmene maso amachitira ukafika pa pepala la nambala 150. Wolowetsa manambala mukompyuta akhoza kutsetsereka mzere umodzi, giredi ya wina n'kupita kwa mnzake wotsatira pa mndandanda. Zolakwa zotere komiti ya dipatimenti singazione, chifukwa imaona tebulo la manambala, osati mapepala. External examiner amaona mapepala ochepa osankhidwa, sangawerenge onse. Munthu yekhayo padziko lapansi amene angazindikire msanga kuti funso lachinayi silinachongedwe ndi amene analiyankha.

Mlimi akamagulitsa chimanga amaima pafupi ndi sikelo n'kuona yekha pamene muvi waima. Wogula akati sikelo ili m'chipinda, iwe dikira panja ndikuuza kulemera kwake, mlimi amayamba kukayika ngakhale wogulayo atakhala woona mtima. Aphunzitsi anu ambiri ndi oona mtima, koma kubisa mapepala kukuwachititsa kukayikiridwa pamodzi ndi ochepa amene si oona mtima.

Chimene ndikupempha n'chosavuta. Zotsatira zikatuluka, dipatimenti iliyonse iike masiku awiri kapena atatu oti wophunzira wofuna abwere, akhale pansi m'chipinda muli woyang'anira, apatsidwe pepala lake pamodzi ndi ndondomeko yochongera, awerenge kwa mphindi makumi awiri, abweze. Sakutuluka nalo, sakulembapo kanthu. Akaona kuti kuphatikiza kwalakwika kapena tsamba lina silinachongedwe, alembe pafomu, ndipo zimenezi zikonzedwe popanda kulipira, chifukwa wolakwa si iye. Akakhala kuti sakugwirizana ndi kachongedwe kenikeniko, apemphe kuti pepala lichongedwenso ndi mphunzitsi wina, makamaka wosadziwa giredi yoyamba ija. Apa mukhoza kulipiritsa kandalama kuti anthu asamangopempha mwachisawawa, koma giredi ikasintha ndalamayo ibwezedwe. Ndikudziwa kuti njira ya apilo ilipo m'malamulo anu. Koma apilo ya munthu amene sanaone pepala lake ndi yongoponya mumdima: sadziwa chodandaula, ndipo amaopa kuti akadandaula pachabe adzakumananso ndi mphunzitsi yemweyo chaka chamawa.

Izi si zachifundo chabe. Gawo 43 la Malamulo Aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu woti chiganizo cha ofesi chokhudza iye chikhale chotsata malamulo ndi chachilungamo m'kachitidwe kake, komanso kuti apatsidwe zifukwa zolembedwa pamene chiganizocho chikukhudza ufulu kapena zofuna zake. Yunivesite ya boma ikauza mwana kuti abwereze chaka, kapena kuti achoke chifukwa sanakhoze, chimenecho ndi chiganizo cha ofesi ya boma. Tilinso ndi lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga wosungidwa ndi maofesi, la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020. Kodi pali uthenga wokhudza wophunzira kuposa pepala limene analemba ndi dzanja lake? Musadikire kuti makhoti kapena ofesi ya Ombudsman ikuuzeni zimene mukanatha kukhazikitsa nokha pamsonkhano umodzi wa Senate.

Ena mwa inu anena kuti kuchonga ndi ufulu wa mphunzitsi, ndipo wina aliyense asalowererepo. Ufulu wa aphunzitsi ndimaulemekeza, ndipo ndikukumbuka mtengo wake. Mu 2011, pamene mphunzitsi wa ku Chancellor College, Dr Blessings Chinsinga, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi kukafunsidwa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, aphunzitsi a Chancellor College anaima nji kwa miyezi yambiri, maphunziro anaima, ndipo ophunzira ambiri anaima nawo limodzi ngakhale kuti kalendala yawo ndi imene inkawonongeka. Ufulu umene unamenyeredwa nthawi imene ija unali woti mphunzitsi aphunzitse ndi kufufuza mopanda mantha. Sunali woti apereke nambala popanda kufotokoza. Mphunzitsi amene wachonga motsata ndondomeko yake saopa kuti pepala lionedwe.

Pali chifukwa china cholemera kwambiri, ndipo ndichinena mosabisa. Pamene giredi ili m'manja mwa munthu mmodzi ndipo palibe wina woiona, giredi imasanduka chida. Nkhani za atsikana okakamizidwa kugonana kuti akhoze takhala tikuzimva m'dziko muno, ndipo lamulo la Gender Equality la 2013 linaletsa nkhanza zotere momveka bwino. Koma kukhala ndi lamulo ndi ndondomeko papepala sikukwanira ngati mtsikana akudziwa kuti akakana, giredi yake ikhoza kugwa popanda womufunsa wogwetsayo. Kuti chida chimenechi chifooke, wochonga adziwe kuti pepala lililonse likhoza kuonedwa ndi mwini wake ndiponso kuchongedwanso ndi wina. Mapepala a mayeso akhale ndi nambala yokha, popanda dzina, monga zimakhalira pa mayeso a MANEB, ndipo ma test a m'kati mwa semesita nawonso atsate njira yomweyo pamene n'kotheka. Wophunzira amene wadandaula za mphunzitsi asachongedwenso ndi mphunzitsi ameneyo mpaka nkhani itatha. Njira zimenezi zimatetezanso mphunzitsi wosalakwa amene akunamiziridwa, chifukwa pepala limakhala mboni yake.

Za magiredi osowa ndinena mwachidule, poti aliyense amene anadutsa kukoleji anamvapo za mnzake amene dzina lake linalibe giredi pa kosi imene analemba. Wophunzira amasaina pa kaundula polowa m'holo ndi popereka pepala. Siginecha ikakhalapo koma giredi palibe, vuto ndi la sukulu, ndipo sukulu ndiyo iyenera kuthamanga. Si bwino kumuuza mwana kuti alembenso, kapena kuti asake yekha mphunzitsi waganyu amene anachoka kalekale. Ikani malire a masiku oti giredi yosowa ipezeke, ndipo mutchule ofesi imodzi yoyankha.

Muganizirenso nthawi. Zotsatira zikatuluka mochedwa, masiku a sapu ali pafupi, mwana wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amayenera kupeza ndalama ya basi, ya malo ogona ndi ya chakudya mwadzidzidzi, kwinaku akuwerenga. Makolo amagulitsa mbuzi kapena matumba a chimanga amene anasungira njala. Kalendala ya sukulu ionetse tsiku lotulutsa zotsatira, masiku oonera mapepala, ndi tsiku la sapu, motsatana chonchi, kuti wina asalembe sapu ya kosi imene anakhoza kale.

Ndipo kumbukirani chimene chili kumapeto kwa msewu umenewu. Ana amati kuwidedwa, kutanthauza kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera. Mwana amene anapeza mapointi abwino pa MSCE, amene mudzi wonse unamuperekeza pokwera basi, amabwerera kwawo ndi chikwama chake, digiri palibe, pamene ngongole imene anatenga ku Higher Education Students' Loans and Grants Board ikumudikira. Ena mwa iwo anayeneradi kuchoka. Koma chiganizo cholemera chotere chisamachitike pa malikisi awiri kapena atatu amene palibe munthu wachiwiri anawaona. Ndikupempha kuti pepala lililonse limene likuchititsa kuti wophunzira abwereze chaka kapena achotsedwe lichongedwenso ndi munthu wina nkhani isanapite ku Senate, mwini wake asanapemphe n'komwe. Mapepala otere sachuluka.

Ngakhale kwa okhoza, giredi imawatsatira moyo wonse. Kusiyana kwa pass, credit ndi distinction kumaonekera pofunsira ntchito ndi pofunsira maphunziro apamwamba. Thandizo la maphunziro ngati la Chevening kapena la Commonwealth limayang'ana digiri yofanana ndi upper second ya ku Britain. Tsono ngati m'dipatimenti ina muli chizolowezi choti palibe wopitirira 70 ngakhale alembe bwanji, pamene m'dipatimenti yoyandikana nayo ma 80 ali mbwee, ana awiri anzeru zofanana atuluka ndi mapepala osiyana, ndipo wowerenga transcript, chikalata chosonyeza magiredi onse a wophunzira, ku London kapena ku Pretoria sadziwa za chizolowezicho. Alipo aphunzitsi amene amanyadira kuti kosi yawo ndi yogwetsa anthu. Theka la kalasi likalephera chaka ndi chaka, Senate ifunse mafunso okhudza kaphunzitsidwe ndi kafunsidwe, isamangovomereza tebulo.

Apa ndi pamene ndikutembenukira kwa inu a NCHE. Bungwe lanu linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti liziyang'anira ubwino wa maphunziro apamwamba, ndipo ndinu amene mumayendetsa kasankhidwe ka ana opita kumayunivesite a boma. Chichokereni 2021, pamene University of Malawi yakale inagawidwa n'kubala UNIMA, MUBAS ndi KUHeS, Senate iliyonse ikuyenda ndi malamulo akeake. Kusiyana sikoipa, dokotala ndi katswiri wa mbiri yakale sangayesedwe mofanana. Koma ana amene munawasankha pa mndandanda umodzi ayenera kukhala ndi chitetezo chofanana kulikonse kumene apita. Mukamapita kukayendera sukulu kuti muivomereze, boma kapena yoyendetsedwa ndi mpingo kapena anthu wamba, musamangowerenga mabuku a mulaibulale ndi madigiri a aphunzitsi. Funsani kuti CA imabwezedwa liti. Funsani kuti chaka chatha ndi angati anapempha kuona mapepala, angati anachita apilo, ndipo magiredi angati anasintha. Sukulu imene ikuti palibe giredi ndi imodzi yomwe inasinthapo isakusangalatseni, muifunsitsitse. Ndiponso thandizani kuti transcript iliyonse izifotokoza kumbuyo kwake tanthauzo la magiredi ake, kaya ndi a GPA kaya a peresenti, kuti wolemba ntchito asamayerekeze zinthu zosafanana.

Sindikuiwala katundu amene aphunzitsi anu asenza. Chiwerengero cha ophunzira chakwera kwambiri kuposa cha aphunzitsi, ndipo munthu mmodzi kuchonga mapepala mazana m'masabata awiri, kwinaku akuyang'anira kafukufuku wa a chaka chomaliza, si ntchito yamasewera. Mukangolamula kuti mapepala azibwezedwa msanga popanda kuwonjezera manja, lamulolo lifera m'kabati. Lembani ntchito othandizira kuchonga kuchokera mwa ophunzira a digiri yachiwiri, aphunzitseni ndondomeko yochongera, ndipo muziwalipira pa nthawi yake pamodzi ndi aphunzitsi aganyu. Kuchonga kuwerengedwe ngati ntchito yeniyeni pogawa maola a mphunzitsi. Ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi zimene dziko limataya mwana mmodzi akachotsedwa molakwika m'chaka chachitatu.

Ndikupempha Senate iliyonse kuti iike nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana semesita ikubwerayi isanathe, ndipo atsogoleri a bungwe la ophunzira akhalepo pokambiranapo. Zimene mugwirizane muzilembe m'buku la malamulo limene wophunzira aliyense amalandira pofika, m'mawu osavuta, ndi masiku ake ndi dzina la ofesi yofikira. Ngati pali chifukwa chimene wophunzira sayenera kuonera pepala lake, chilembeni poyera kuti ife makolo ndi aphunzitsi awo akale tichiwerenge ndi kuchiyankha.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wa sekondale, m'boma la Dedza